Mizu ya chimanga imapuma, ndipo ikhoza kubanika

Funso: Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2. Tsiku lina anatulutsa maluwa onse amene amayi ake anadzala m'zitini n'kuika pawindo la kuchipinda, ati anaphunzira kuti usiku zomera zimatilanda mpweya wabwino n'kumatulutsa woipa. Kodi n'zoona? Funso lachiwiri ndi langa. Mbali ya munda wanga yotsetserekera kudambo madzi anadikha pafupifupi sabata yathunthu mu Januwale, ndipo chimanga cha pamenepo chinachita chikasu n'kupinimbira, chonsecho ndinali nditangothira yureya. Chakudya chinalipo, madzi analipo ochuluka. Chinasowa chiyani? Ndine bambo wa ku Mchinji.

Yankho: Bambo, chimanga chanu chinasowa mpweya. Mizu imapuma, ndipo yanuyo inabanika. Mwana wanu naye sananame kuti usiku chomera chimatenga okosijeni, mpweya wabwinowo, n'kutulutsa kaboni dayokisaidi, woipawo. Chimene sanachigwire bwino n'chakuti chomera sichidikira usiku kuti chiyambe kutero, komanso kuti mpweya umene maluwa a m'chitini amatenga ndi wochepa zedi, moti amayi ake akhoza kuwabwezera pawindo lero lomwe.

Ana ambiri amaloweza kuti anthu amapuma okosijeni pamene mitengo imapuma kaboni dayokisaidi. Mawuwa salephereka kuloweza, koma ndi olakwika, chifukwa amaphatikiza ntchito ziwiri zosiyana zimene zimachitika m'chomera chimodzi. Ina ndi kupanga chakudya, ina ndi kudya chakudyacho. Yopanga chakudya, imene m'mabuku amaitcha photosynthesis, imachitika m'mbali zobiriwira zokha ndiponso pakakhala kuwala. Tsamba limalowetsa kaboni dayokisaidi kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, mizu imabweretsa madzi, kenaka mphamvu ya dzuwa imang'amba madziwo n'kulumikiza zidutswa zake ndi kaboni kuti pakhale shuga. Okosijeni amene amatuluka ndi chotsalira cha madzi ong'ambidwawo, monga anatsimikizira Samuel Ruben ndi Martin Kamen ku California mu 1941. Pa mayeso mwana wanu alembe kuti 6CO2 (kaboni dayokisaidi) ndi 6H2O (madzi), pakakhala kuwala ndi chlorophyll (chobiriwiritsa tsamba), zimapereka C6H12O6 (shuga wotchedwa gulukosi) ndi 6O2 (okosijeni).

Apa ndipo ndikufuna titsutsane pang'ono, pa mawu anu akuti chakudya chinalipo. Alangizi a zaulimi timakonda kunena kuti feteleza ndi chakudya cha mbewu, koma kunena zoona si chakudya. Dokotala wina wa kufupi ndi Brussels, Jan Baptist van Helmont, anadzala kamtengo kolemera makilogalamu oposa pang'ono 2 m'mtsuko waukulu wa dothi louma lolemera makilogalamu 90. Anakathirira madzi okha zaka 5. Atakazula n'kukaika pa sikelo, anapeza kuti kafika makilogalamu pafupifupi 77, pamene dothi linangochepa ndi magalamu osakwana 60. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1648, mwini wake atamwalira kale. Iye anaganiza kuti mtengo wonsewo wachokera ku madzi, ndipo pamenepo anaphonya, chifukwa gawo lalikulu la thunthu louma linachokera mu mpweya. Inunso mukhoza kuwerengera nokha. Mumathira matumba awiri a feteleza pa ekala, n'kukolola matumba makumi awiri a chimanga, osawerengera mapesi, zitsononkho ndi mizu. Kulemera konseko sikungachokere m'matumba awiri aja. Mwa zinthu zouma za m'chomera, magawo oposa 90 pa 100 alionse ndi kaboni, haidrojeni ndi okosijeni, zochokera mu mpweya ndi m'madzi.

Feteleza amapereka zinthu zochepa koma zosalowedwa m'malo. Nayitrojeni, amene mu yureya alimo magawo 46 pa 100, amafunika popanga mapuloteni ndi chlorophyll, chija chimachititsa tsamba kukhala biriwiri. Akachepa, chomera chimamuchotsa m'masamba akale n'kupititsa ku atsopano, n'chifukwa chake chikasu chimayambira masamba apansi, kunsonga kwa tsamba n'kumatsetsereka motsata msana wake. Fosifolasi akachepa, masamba a chimanga chaching'ono amafiirira m'mphepete. Koma ngakhale mutathira thumba lonse paphando limodzi, chomera chimene chili mumdima chidzafa ndi njala.

Ntchito yachiwiri, ya kudya, ndiyo imatifananitsa ndi zomera. Shuga akapangidwa, mphamvu yake imakhala yotsekeredwa, ndipo kuti selo (kachipinda kosaoneka ndi maso kamene kamamanga thupi la chamoyo) iigwiritse ntchito iyenera kuphwanya shugayo pogwiritsa ntchito okosijeni. Zotuluka ndi kaboni dayokisaidi, madzi, kutentha ndi mphamvu yogwirira ntchito. Kukoka ndi kutulutsa mpweya kumene timachita ndi chifuwa n'kungotumiza katundu chabe. Kupuma kwenikweni kumachitikira m'maselo, mu tizigawo totchedwa mitochondria, timene tili m'selo ya minofu yanu, ya mbuzi, ya bowa ndi ya muzu wa chimanga. Antoine Lavoisier ndi Pierre-Simon Laplace ku Paris, cha m'ma 1780, anaika mbira m'chotengera chozunguliridwa ndi madzi oundana, n'kuyeza madzi amene anasungunuka ndi kutentha kwa thupi lake komanso mpweya umene inatulutsa. Anaona kuti zikugwirizana ndi zimene makala oyaka amachita, kungoti m'thupi zimayenda pang'onopang'ono.

Ngati amayi a kunyumba amafulula thobwa, umboni uli pakhomo panu pomwe. Akanyika mawere kapena chimanga n'kuzifunditsa masaka kuti apange chimera, pisani dzanja pakati pa muluwo tsiku lachitatu. Mukamva kuti muli thuu, kufunda, chonsecho panalibe moto kapena dzuwa. Mbewu iliyonse yadzuka, ikusandutsa sitachi wake kukhala shuga ndipo ikuwotcha shugayo kuti imere. Ilibe tsamba ngakhale limodzi, kotero sikupanga chakudya. Ikungodya chimene mayi wake anaisungira. Shuga yemweyo ndi amene amatsekemeretsa thobwa.

Tsono masana ntchito ziwirizi zimayendera limodzi m'tsamba. Dzuwa likawala bwino, kupanga chakudya kumaposa kudya kutalitali, moti kaboni dayokisaidi yense wotuluka m'kupuma amagwiritsidwa ntchito momwemo asanatuluke kunja, ndipo ife timangoona okosijeni akutuluka. Dzuwa likalowa kupanga kumaima, kudya kumapitirira. Zili ngati mlimi amene amakolola nyengo imodzi koma amatapa m'nkhokwe tsiku lililonse: chimene chimaoneka ngati phindu ndi chotsala akadya. Chomera chimadya pafupifupi theka la shuga amene chapanga, ndipo chotsalacho ndiye phesi, ngayaye ndi njere. Munthu woyamba kuonetsa kuti mbali zobiriwira zimatulutsa mpweya wabwino pakuwala pokha, ndipo mumdima zimatulutsa wina, anali Jan Ingenhousz mu 1779. N'chifukwa chakenso chimanga chothithikana sichibereka bwino. Masamba apansi amakhala mumthunzi, akudya osapanga, ndiye langizo lija la mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando a masentimita 25, mbewu imodzi paphando, lili ndi maziko ake. Usiku ukamatentha mbewu zimapumanso mofulumira. Ofufuza a ku International Rice Research Institute ku Philippines analengeza mu 2004 kuti m'nyengo yachilimwe zokolola za mpunga zinkatsika ndi magawo 10 pa 100 usiku ukatentherako ndi digiri imodzi.

Za kuchipinda zija n'zosavuta. Mu mpweya umene timakoka muli okosijeni magawo 21 pa 100, ndipo umene timatulutsa umakhala nawo pafupifupi 16. Munthu wamkulu mmodzi akagona usiku wonse amagwiritsa ntchito okosijeni wokwana malita pafupifupi 100. Maluwa a m'zitini zitatu kapena zisanu safika ngakhale pafupi ndi pamenepo. Mphaka wogona kumiyendo amawaposa. Ngati mwana wanu amagona chipinda chimodzi ndi mng'ono wake osadandaula, alibe chifukwa choopera duwa. Kugona pansi pa mtengo usiku kuli ndi zoopsa zake, monga njoka, udzudzu, nthambi youma ndi mphenzi, koma mpweya suli m'gulumo.

Chimene ndikufuna achiope ndi mbaula. Mu Juni ndi Julayi kukazizira, anthu amalowetsa mbaula ya makala m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mawindo. Makala akamayaka mpweya uli wochepa amatulutsa kaboni monokisaidi, amene alibe fungo kapena mtundu. M'magazi muli haemoglobin, chinthu chofiira chokhala ndi ayironi chimene chimanyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kupita m'maselo, ndipo kaboni monokisaidi amamatirira ku haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo amene wagona kale sadzukanso. Mbaula ituluke panja anthu asanagone, ngakhale makala ataoneka kuti azilala.

Kumene kupuma kwa zomera usiku kumaphadi ndi m'madamu a nsomba, ndipo alimi a makumba ndi chilunguni amazidziwa. Damu lothiridwa manyowa ochuluka limabiriwira ndi ndere. Masana nderezo zimadzaza madzi ndi okosijeni, koma usiku ndere, nsomba ndi mabakiteriya owoletsa madeya otsala zonse zimakoka pa okosijeni yemweyo, amene m'madzi ndi wochepa kale. M'bandakucha mumapeza nsomba zayandama, milomo kumwamba, zikuchita wefuwefu. Dzuwa likatuluka zimabwerera pansi, koma kukachita mitambo masiku angapo zimayamba kufa, kuyambira zikuluzikulu. Mlamba umapirira chifukwa uli ndi chiwalo china m'mutu chotengera mpweya wa kunja. Ngakhale Nyanja ya Malawi, yozama mamita pafupifupi 700, ili ndi okosijeni m'madzi a pamwamba okha. Kupitirira mamita 200 mpaka 250 kulibe, ndipo nsomba sizikhalako.

Tibwere kumunda kwanu. Muzu uli mumdima, supanga chakudya. Umalandira shuga kuchokera ku masamba, koma okosijeni wowotchera shugayo uyenera kumupeza pomwe ulipo, m'timipata ta pakati pa timibulu ta dothi. Dothi labwino pafupifupi theka lake ndi mipata, ina ya madzi ina ya mpweya. Madzi akadikha mipata yonse imadzaza, ndipo okosijeni amayenda m'madzi pang'onopang'ono kwambiri, maulendo pafupifupi 10,000 kuyerekeza ndi mmene amayendera mu mpweya. Wochepa amene anatsalira amatha pa tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa mizu ndi tizilombo ta m'nthaka zonse zikumulimbirana, ndipo kutentha kwa mu Januwale kumafulumizitsa zimenezi. Dothi la makande la kudambo ndiye loipitsitsa, poti limachedwa kutaya madzi.

Okosijeni akatha muzu sufa nthawi yomweyo. Umayamba kuphwanya shuga mwa njira imene yisiti amagwiritsa ntchito pofufumitsa buledi ndi posasitsa mowa, ndipo m'muzumo mumapangikadi mowa. Vuto ndi phindu lake. Kuchokera ku gulukosi mmodzi, selo imapeza timitolo ta mphamvu, totchedwa ATP, pafupifupi 30 pakakhala okosijeni, koma 2 tokha popanda okosijeni. Minofu yathu imachita zofanana tikathamanga mopitirira mpweya, kungoti ife timapanga asidi m'malo mwa mowa, ndipo tikaima n'kupuma zimakonzeka. Muzu ulibe koimira. Chimanga chaching'ono chimapirira masiku awiri mpaka anayi chili m'madzi. Sabata ndi yaitali.

Pamenepa ndi pamene kupuma ndi kudya kwa mbewu zimakumana, ndipo ndi pamene alimi ambiri amatayira ndalama. Muzu sumwa feteleza monga nsalu imamwera madzi. Michere yambiri imachita kukokedwa mwamphamvu kuti ilowe m'maselo a muzu, ndipo kukokako kumafuna ATP. Muzu wobanika ulibe mphamvu yokokera, choncho nayitrojeni akhoza kukhala pambali pake penipeni koma osalowa. Ngakhale madzi umalephera kuwakweza bwino, n'chifukwa chake mumaona zodabwitsa zija, chimanga chili m'madzi koma masamba atafota. Pamwamba pa izo, yureya wanu sanakudikirireni. Wina anakokoloka ndi madzi, wina anatsikira pansi kumene mizu sifika, ndipo wina anadyedwa ndi mabakiteriya a m'nthaka amene okosijeni akatha amapuma pogwiritsa ntchito nayitreti, chimene yureya amasanduka m'nthaka, n'kumusandutsa mpweya wouluka. Zikadzachitikanso, zulani phesi limodzi muone. Mizu yamoyo imakhala yoyera mbee ndi yolimba, yobanika imakhala yoderako, yofewa, yosendeka ndi chala, ndipo dothi lake limanunkha.

Mukhoza kufunsa kuti nanga mpunga umakula bwanji m'madzi. Mpunga uli ndi timipaipi ta mpweya m'kati mwa tsinde ndi mizu, timene timatsitsa okosijeni kuchokera ku masamba. Dulani tsinde lake muone mmene lilili la mphako. Chimanga chimayesa kupanga timipata totere ndi mizu ina yatsopano pamwamba, koma chimachedwa. Ine langizo langa n'lakuti mbali imeneyo musalimbane nayo chaka ndi chaka. Ngati madzi amadikha pafupipafupi, dzalanipo mpunga nthawi ya dzinja, chimanga mudzadzale madzi akaphwa. Ngati ndi zaka zina zokha, kumbani ngalande yotulutsa madzi mvula isanayambe, kwezani mizere, ndipo musamange timigula totchinga madzi m'mizere ya kumunsiko monga mumachitira kumtunda kouma. Manyowa ndi mapesi okwiriridwa amathandiza dothi kukhala ndi mipata. Feteleza wobereketsa musathire madzi ali chidikhire. Dikirani aphwe, muone ngati pamtima pa chimanga pakutuluka tsamba latsopano lobiriwira, ndipo pokhapo thirani pang'ono. Chimene mtima wake wafewa n'kununkha chapita basi.

Pali chinthu china chokongola chimene mungamuonetse mwana wanu m'munda momwemo. Zulani soya kapena mtedza umene wayamba maluwa, mutsuke mizu, mupeza timibulu tomatirira. Dulani kamodzi ndi chikhadabo. Ngati m'kati muli mofiirira, kakugwira ntchito. Mmenemo muli mabakiteriya otchedwa rhizobia amene amatenga nayitrojeni wa mu mpweya n'kumusandutsa woti chomera chigwiritse ntchito, chomeracho n'kumawalipira shuga. Mabakiteriyawa amafuna okosijeni kuti apume, koma akachuluka amawononga chida chawo chogwirira nayitrojeni, ndiye chomera chimapanga chinthu chofiira, chachibale ndi haemoglobin wa m'magazi athu, choti chiziwapatsira okosijeni pang'onopang'ono. Kaufiti ndiye wosiyana nazo: amaboola muzu wa chimanga n'kumayamwa madzi, michere ndi shuga osabweza kanthu.

Nyama sizipanga chakudya, zimadya chopangidwa kale, ndipo ntchito ya m'mimba ndi kuphwanya sitachi, mapuloteni ndi mafuta kuti zikhale tizidutswa tolowa m'magazi. Nsima imayamba kugayika m'kamwa, chifukwa m'malovu muli chophwanya sitachi chofanana ndi cha m'chimera. Udzu ndi mapesi nazo ndi shuga wolumikizidwa, koma mwa njira imene mimba yathu singamasule. Mbuzi ndi ng'ombe nazonso sizingamasule pazokha. Zili ndi chifu cha zigawo zinayi, ndipo m'gawo loyamba, lalikululo, mumakhala tizilombo tosawerengeka timene timasasitsa udzuwo popanda okosijeni, nyamayo n'kumabzikula kuti iwaphwanyire bwino. Mpweya wotuluka pamenepo nyama imaugeya, ndipo ikalephera kugeya, monga ikadya msipu wanthete wonyowa kapena madeya ochuluka, mimba imafufuma kumanzere mpaka kupanikiza mapapo. Munthu akaonda, mafuta ambiri amatulukira m'mphuno: pa makilogalamu 10 a mafuta otha m'thupi, oposa 8 amachoka ngati kaboni dayokisaidi, otsalawo ngati madzi.

Pa chimanga chimene mukolole kumtundako, nzeru yomweyi ikuthandizani. Matumba osungiramo mbewu osalowa mpweya, otchedwa PICS, amene anayambira pa kafukufuku wa Larry Murdock ndi anzake a ku Purdue University ya ku America pa kasungidwe ka khobwe ku Cameroon kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, alibe mankhwala alionse. Ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Mukamanga bwino, anankafumbwe amene analowa ndi chimanga amapuma okosijeni wotsekeredwayo mpaka kuchepa, amasiya kudya ndi kuswana, kenaka amafa. Ambiri amafa ndi ludzu, chifukwa madzi awo ochuluka amawapeza pophwanya chakudya ndi okosijeni. Koma njere nazo ndi zamoyo. Zouma bwino, chinyezi chosapitirira magawo 13 pa 100, zimapuma pang'ono kwambiri. Zonyowa zimapuma kwambiri, zimachita thukuta, zimasasa ndi kuchita nkhungu. Musanathire m'thumba, ikani njere zodzaza dzanja ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, mutseke, mukhutchumule, mudikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Pulasitiki aliyense mumange payekha mutafinya mpweya, ndipo thumba mulisanjike pa thandala kutali ndi makoswe, chifukwa kabowo kamodzi kamalowetsa okosijeni wokwanira kuti anankafumbwe ayambirenso.